Zisa Pamwamba pa Chitseko cha Alamu

Mayi Telala atatuluka ndi lumo lodulira nsalu m'manja, anapeza zisa zisanu ndi ziwiri zili phwanyikephwanyike pakhonde pawo, mazira ali mbwee. Alamu awo anali ataima pomwepo ndi mlongoti wautali.

"Alamu, zakulakwirani chiyani mbalamezi?"

"Uve, mlamu. Mwezi wamawa kukubwera makolo a chibwenzi cha mwana wanga wamkazi. Mukufuna aziti ndimakhala m'khola la nkhuku?"

Nyumbayo inali imodzi yogawa pakati, mbali ina ya malemu amuna awo a Telala, ina ya mkulu wawoyo, amene anthu ankamutchula kuti Bwana Sopo chifukwa ankapukuta ngakhale pansi pa nsapato. Anamzeze ankabwera chaka ndi chaka kumbali ya Telala. Malemuwo, pokhala mmisiri womanga, ankazitcha mbalamezo anzawo a ntchito. Ankakhala pampando n'kumaonerera yaimuna ndi yaikazi zikusinthana kututa matope ndi milomo, kadontho kamodzikamodzi, mpaka chisa chitaumbika ngati kachipanda. Anakhomanso thabwa pansi pake loti lizilandira zitosi. Thabwalo nalo Sopo anali atalizula.

Telala sanalire, ndipo sanatukwane. Mtima unawawira m'kati, ndipo munthu wosoka akakwiya amayamba wayeza kaye asanadule.

Sabata yomweyo Sopo anapaka penti yoyera mbee kumbali kwake. Telala anatenga neti yakale ya udzudzu n'kuikhoma m'mphepete mwa denga la kumbali kwawo kokha, kuti mbalame zisapezepo pomata. Kenako m'mawa uliwonse ankathira ndowa ziwiri za madzi padothi lofiira la pampopi, n'kupondaponda ndi chidendene.

"Mukuumba njerwa, mlamu?" anafunsa Sopo.

"Ndikuphikira alendo anu," anayankha Telala.

Anamzeze anazungulira netiyo masiku awiri, kenako anasamukira pamwamba pa chitseko cha Sopo. Mwini wake anali atapita kukagwira ntchito kutali kwa milungu inayi, ndipo mkazi wake ankaopa makwerero. Zisa zinakwana makumi awiri, zogundanagundana, mbalame zikuberana matope ngati anthu a pamzere wa madzi. Khoma loyera lija linachita mizeremizere yofiira. Telala ankasoka ali pawindo, akuimba, ndipo kunena zoona zinkawakomera.

Sopo anabwera m'mawa wa tsiku la alendolo, mochedwa moti sakanachitanso kanthu. Bambo a mnyamatayo, atavala suti yakuda, anaima pakhomo kuti apereke moni, ndipo chitosi chinatera paphewa pawo, china pachipewa cha akazi awo. Sopo anathamanga ndi kansalu, akupepesa, thukuta lili kamukamu.

"Pepanitu alendo," anakuwa Telala ali pakhonde pawo. "Alamu angawa amakonda ziweto!"

Anaseka mpaka nthiti kuwawa. Aka kanali koyamba kuseka chotero chimwalirireni amuna awo.

M'mawa mwake anamva kugogoda kwa mlongoti. Pamene ankatuluka n'kuti zonse zitatha. Ulendo uno sanali mazira. Pansi panali tiana tosamera nthenga, tina tikuyasamulabe kukamwa, makolo ake akuzungulira m'mwamba ndi tizilombo kumilomo, akusowa pokatipereka.

"Mwakhuta tsopano?" anatero Sopo. "Mwazituma ndinu kwa ine."

Telala anayang'ana neti ija. Zinali zoona. Mbalame zimene amuna awo ankazisunga, iwo anazitsekera pakhomo n'kuzipereka kumlongoti womwe uja. Anagwada n'kutolera tianato m'mpango wawo. Tinalipo khumi ndi kamodzi, ndipo pofika masana panalibe kamoyo.

Anakwera pampando n'kuzula neti ija. Anafunafuna thabwa lija kuseri kwa nyumba, nalikhomanso pamalo pake, misomali ikupindika, chala chikutuluka magazi. Atatha anathira ndowa ina pamatope.

Kenako anatsegula bokosi la zipangizo za malemu, natenga sowo. Mlongoti wa Sopo unali wotsamira pampanda. Anaudula zidutswa zinayi zofanana bwinobwino, monga munthu wodziwa kuyeza, nakaziika pakhomo pa alamu awo.

"Nkhuni izo, alamu," anatero. "Mukadzagula wina, sowoyi ikadali yakuthwa."