Theka la a Herbert, Theka la a Shaibu

Ndinalowa m'gulu la Kaundula mu 2006 chifukwa ndinamva kuti linali ndi mawu achinsinsi. Malipiro kunalibe, ngakhale chigumu chodyera pamsonkhano. Tinali anthu asanu ndi awiri ongodzipereka, ndipo Loweruka lililonse masana tinkakumana kuseri kwa kafe ya intaneti ya a Herbert ku Biwi, kumene ine ndinkagwira ntchito yotayipira anthu makalata. Tinkapanga pulogalamu ya pakompyuta yothandiza aphunzitsi kuwonkhetsa malikisi ndi kusindikiza malipoti a ana, ndipo tinkaigawa mwaulere pamasidi.

Pakona pa chipindacho panali kompyuta yakale yofunditsidwa chitenje, imene tinkaitcha nkhokwe. Malamulo a gulu, masamba khumi ndi anayi amene ndinalemba ine monga mlembi, ankati chilichonse chokonzedwa m'pulogalamu chiziyamba chalowa m'nkhokwe, ndipo sidi yopita kusukulu izichokera mommo basi.

Kutsegula nkhokweyo kunali mwambo. Pa chisankho choyamba, ndisanalowe ine, a Herbert ndi a Shaibu analingana mavoti, atatu atatu. Anthu atatopa kukangana anagwirizana kuti onse awiri akhale apampando, ndipo mawu otsegulira agawidwe pakati. A Herbert ankatayipa theka lawo ataphimba dzanja ndi chipewa, n'kutembenukira kukhoma, a Shaibu n'kumalizitsa. Ine ndinkaonerera mwachidwi.

Poti malo otetezeka kuposa apo kunalibe mu Lilongwe yense, ndi m'nkhokwemo mmene ndinabisa makalata anayi amene ndinalembera Zipora. Ndinawaika m'foda imene ndinaitcha "zosafunika". Zipora anali mphunzitsi wa Sitandade 5 pasukulu ina ku Chinsapo. Ndinamuona koyamba tikuonetsa pulogalamu kwa aphunzitsi, atakhala kutsogolo, choko chili m'tsitsi. Kalata ngakhale imodzi sindinamupatse. Ndinkadikira tsiku loyenera, mwina la mvula, iye alibe ambulera ine ndili nayo.

Tsiku linafika, koma lopanda mvula. Linali Lolemba la sabata yotsekera teremu yoyamba mu 2007. Zipora analowa m'kafe n'kuika lipoti patebulo langa.

"A mlembi, tawerengani apa."

"Kingsi Phiri. Nambala wani. Mwana wanzeru ameneyu."

"Masamu wapeza sikisi pa handiredi. Ndi nambala 101. Ndili ndi ana 127, koma pulogalamu yanu ikafika pa 99 ikuyambiranso. Abambo ake a Kingsi akaona izi apha nkhuku."

Anandiuza kuti ndi iye amene anakakamiza ahedi kuti sukulu yonse isiye kulemba malipoti pamanja. Lachisanu makolo adzabwera kudzamva zotsatira. Zikapanda kukonzeka, aphunzitsi makumi awiri adzalemba pamanja malipoti oposa chikwi, onse akutchula dzina lake, ndipo osati pomudalitsa.

"Pofika Lachinayi," ndinatero, dzanja lili pachifuwa. "Ndalumbira."

"Musalumbire. Ingokonzani."

Kukonzako kunanditengera mphindi makumi awiri. A Herbert, amene anaphunzira sukulu yapulaiveti ya ana makumi atatu m'kalasi, anasiya malo a manambala awiri okha. Ndinawonjezera achitatu n'kusunga pafulashi. Vuto linali nkhokwe. Chichokereni Khirisimasi inali isanatsegulidwe, chifukwa apampando awiri aja sankalankhulana.

Lachiwiri ndinaitanitsa msonkhano wadzidzidzi. Anakhala mofulatirana, aliyense akulankhula kudzera mwa ine.

"A mlembi, auzeni akuluwo kuti sinditayipa kanthu mpaka dzina langa likhale pamwamba pulogalamu ikamatsegulidwa. Magetsi amene nkhokwe imadya ndi anga," anayamba a Herbert.

"A mlembi, auzeni abwanawo kuti magetsi salemba pulogalamu. Mizere yambiri ndinalemba ndine," anayankha a Shaibu.

"Afunseni ngati anawerenga ndi mizere yopanda kanthu yomwe."

"Auzeni kuti yanga yopanda kanthu imawerenga kupitirira 99."

Fatu, amene ankatijambulira zithunzi za pamasidi, anapereka ganizo loti mayina onse awiri achotsedwe. Apa apampando anagwirizana koyamba m'miyezi itatu: ganizolo linali lachipongwe. Nditangogwira chitenje cha pankhokwe kuti ndivundukule, onse awiri anadzambatuka n'kutuluka mokwiya, mpaka anapanikizana pakhomo.

Lachitatu m'mawa ndinakwera minibasi kupita kumsika wa Kawale, kumene a Shaibu ankakonza mafoni pabenchi. Ndinawachonderera mpaka ndinatchula dzina la Zipora. Anandikokera kuseri kwa okala ya wogulitsa matumba.

"Yona, umatha kusunga chinsinsi?"

Moyo wanga wonse ndinkadikira funso limenelo.

"Theka langa ndinaiwala," ananong'ona. "Ndinalilemba pakapepala n'kuika m'thumba la mkanjo. Mayi akunyumba anachapa. Herbert akamva, andiseka mpaka kumanda. N'chifukwa chake ndimayambitsa za mayina zija."

Ndinabwerera ku Biwi ndikuyenda ngati munthu wonyamula mazira. Ndinaganiza kuti mwina ndikamva theka la a Herbert, la a Shaibu lingakumbukike. Ndinawapeza akulimbana ndi pulinta. Nditawapempha mawuwo, anatseka chitseko n'kukweza wailesi.

"Mphwanga, zimene ndikuuze pano zithere pompano. Ukuona khoma ili?"

"Ndikuona. Layera bwino."

"Theka langa ndinalilemba ndi pensulo kuseri kwa kalendala. Pa Khirisimasi eni nyumba anapaka laimu. Shaibu asamve. Ndi bwino aziti ndine wamakani."

Kwa ola lathunthu ndinali munthu wokondwa kwambiri mu Biwi. Zinsinsi ziwiri, tsiku limodzi, zonse m'chifuwa changa! Kenako zinandilowa bwino m'mutu: nkhokwe sidzatsegulidwanso, sidi sidzatuluka, ndipo mawa linali Lachinayi.

Lachinayi ndinafika ku Chinsapo ana akuweruka. Ndinali nditavala shati yakuda, yoyenera munthu wokatsanzika. Zipora anali m'kaofesi ka ahedi, pamene panali kompyuta imodzi yokha ya sukuluyo, milu ya mapepala itamuzungulira.

"Aphunzitsi," ndinayamba ndi mawu otsika, "pali zinthu zimene sindingaulule. Khomo latsekedwa, ndipo makiyi ake anapita ndi madzi komanso laimu."

"Mwakonza kapena simunakonze?"

"Ndakonza. Zili pafulashi iyi. Koma sizingafike kuno zisanadutse m'nkhokwe. Gawo lachisanu ndi chiwiri, ndime yachitatu."

"Analemba ndani zimenezo?"

"Ine."

Zipora anapumira m'mwamba, n'kutsegula pulogalamu. Analoza mawu aang'onoang'ono amene ankatuluka poyambirira, pansi pa mayina amene apampando ankalimbirana. Ife tonse tinasiya kalekale kuwawerenga.

"Apa mwalemba kuti aliyense ali ndi ufulu wokopera pulogalamuyi, kuisintha ndi kugawira ena. Ndi zoona kapena n'zokongoletsera?"

"Ndi zoona. Ndiye mtima wa gulu lathu. N'chifukwa chake zonse za m'nkhokwe timazikopera pasidi iliyonse, kuti wofuna kusintha asinthe."

"Ndiye mwatsekera chiyani ndi maloko awiri, poti zonse munagawa kale?"

Ndinayamba kufunafuna ndime ina m'malamulo aja.

"Malamulo anu ndi a gulu lanu," anapitiriza. "Ine sindili m'gulu lanu. Ndikuyambitsa langa pompano. Kaundula wa Chinsapo. Wapampando ndine. Alipo wotsutsa?"

Ndinayang'ana m'kaofesimo. Munali ine ndi belu la sukulu.

"Palibe. Inu ndinu mlembi. Lamulo lathu ndi limodzi: chinthu chikawonongeka chizikonzedwa. Bayani fulashiyo."

Ndinabaya, ndikudziona ngati wogwetsa boma. Pulinta inayamba kulira. Lipoti la Kingsi linatuluka: nambala 101. Sindinaonepo nambala yokongola chotero.

Lachisanu zonse zinayenda bwino. Ahedi anamutchula Zipora pamaso pa makolo, anthu n'kuwomba m'manja. Nkhuku ya kwa a Phiri inapulumuka.

Loweruka ndinakaulula za gulu latsopanolo kumsonkhano, Zipora atakhala pambali panga. A Herbert anati uku n'kulanda ufumu. A Shaibu anati sanaonepo kusakhulupirika kotere. Koma nkhope zawo zinali ngati za anthu amene dokotala wawauza kuti jakisoni watha.

"Komabe," anatero a Herbert akuyang'ana khoma lawo loyera, "pofuna mtendere, ine ndilowa gulu latsopanoli. Nkhokwe yakaleyo isatsegulidwenso, ikhale chikumbutso."

"Kwa nthawi yoyamba akuluwa anena zanzeru," anatero a Shaibu msangamsanga. "Isakhudzidwe n'komwe."

Aliyense ananditsinzinira diso mwamseri. Kenako anayamba kukangana za amene akhale wachiwiri kwa wapampando.

Ndinaperekeza Zipora kukakwera minibasi. Kumwamba kunali mitambo, ndipo ambulera ndinali nayo, koma mvula inangokana.

"Nkhokwe yatsopano ndi kompyuta ya kusukulu," anatero. "Ndaikapo mawu achinsinsi. Ndikuuzani theka." Anandinong'oneza m'khutu.

"Nanga theka linalo?"

"Mukadzandipatsa kalata yachisanu. Koma pamanja, osati m'foda ya zosafunika."

Msewu wonse wa Biwi unazungulira. "Munawerenga?"

"Munanena nokha kuti zonse za m'nkhokwe zimapita pasidi. Ndinawerenga mu Januwale. Yachitatu ija, ya choko m'tsitsi, ndi yabwino. Aphunzitsi a ku Area 23 akuti yachiwiri ndi yaitali kwambiri."

"A ku Area 23?"

"Masidi munagawa m'masukulu angati?"

"Khumi ndi imodzi," ndinayankha ndi mawu a munthu wina.

Kondakitala anamenya chitseko cha minibasi. Zipora anakwera, n'kusuzumira pawindo.

"Musadandaule, a mlembi. Aliyense ali ndi ufulu wokopera, ndipo ndamva kuti mphunzitsi wina ku Mgona anangosintha dzina n'kupeza nayo mkazi. Yachisanuyo ikhale yanga ndekha."

Ndinakagula envulopu pagolosale yapafupi, ndipo theka limene anandiuza lija ndinalilemba malo atatu osiyana, kutali ndi madzi komanso laimu.