Mukangoti Muli Bwino

Nditayamba ntchito ku kampani yoolotsa katundu pamalire ku Entre Lagos, anandipatsa kakhadi ka seguru, koti ndikadwala ena azindilipirira kuchipatala. Anandilola kulembetsapo munthu mmodzi. Ndinalembetsa bambo anga, a Efraimu, poti mayi anatisiya tili kothawa nkhondo ku Malawi, ndipo kholo londitsalira linali lomwelo.

Chimene chinandikomera n'chakuti kamodzi pachaka munthu ankatha kukapimidwa thupi ulere, ngakhale asakudwala. Bambo anaziseka zimenezo. Ankati munthu wabwinobwino wokaonetsa thupi kwa dotolo ndiye kuti wasowa polima. Ndinawakakamizabe, tinakwera minibasi, ija timati chapa, kuchoka kwathu ku Insaca mpaka ku Cuamba, kuchipatala china cholipira.

Bambo anga ndi munthu woti ukafuna kuwapatsa moni uyambe wapeza pokhala. Dotolo atawafunsa ngati pali pomwe pakupweteka, anakhuthula zonse: bondo, msana, diso lakumanzere, ngakhale chala chimene anadzitema ndi khasu kalekale. Dotoloyo anamvetsera, analemba, n'kuwatumiza kukajambulitsa bondo. Ine ndinali panja kudya nthochi, ndikudziyamikira kuti ndine mwana wosamala kholo.

Pakutha pa mwezi malipiro anga anabwera operewera ndi mametikali 2,400. Nditaimba foni kwa eni seguruyo, mayi wina wa mawu okoma anandifotokozera kuti chaulere n'kupima munthu amene sakudandaula kanthu. Akangotchula popweteka ndiye kuti wabwera ngati wodwala, ndipo gawo lina la ndalama limagwera ine. Zinalembedwadi papepala limene ndinasaina osawerenga. Safunsa adadya phula. Mkwiyo wonse ndinakautulira bambo, kuwauza kuti bondo lawolo landidyera thumba la feteleza. Iwo anangopitiriza kutong'ola chimanga.

Chaka chotsatira, mwezi wa Julayi, tinakweranso chapa. Tili pafupi kufika ndinawakodola.

"Bambo, lero nkhani zanu zija ayi. Akakufunsani, mukangoti muli bwino."

"Ndamva, Vanda mwanangu."

Sanachedwemo. Magazi ankathamanga bwino, shuga analibe, ndipo malipiro anga anabwera athunthu. Ndinanyadira mpaka kumagawira anzanga kuntchito nzeru imeneyi, ngati kuti ndatulukira mankhwala. Ndikakumbuka mmene ndinkasekera pofotokoza, manyazi amandigwira mpaka lero.

Ndinkapita kukawaona kumudzi mwezi ndi mwezi, ndipo maso ndinali nawo. Ndinaona kuti ayamba kukonda phala. Nyama imene ndinkawagulira ankandikankhira ine, amvekere mano atha. Lamba wawo anamuboola kabowo kena ndi msomali. Zonsezi ndinaziona, koma sindinafunse, ndipo iwo anali ataphunzira kuti madandaulo awo amandidula.

Mu Febuluwale mai Zodiwa, oyandikana nawo nyumba, anandiimbira kuti bambo akamwa ngakhale madzi akumabwerera. Tsiku lomwelo ndinawatengera ku Cuamba osawerengera kuti zidya zingati. Tinapeza dotolo yemwe uja. Atawapima masiku awiri, anatiitanira tonse m'chipinda chake n'kutiuza kuti pali chotupa kum'mero, ndipo chakula kwambiri. Anati atitumiza ku Nampula, koma sanafune kutinamiza. Chikanaoneka msanga, mwina pakanakhala pogwira.

Kenako anafunsa bambo kuti kuvutika kumezako kunayamba liti. Iwo anawerenga pa zala n'kunena kuti nthawi yokolola, chaka chatha.

Dotolo anatembenuza mapepala, n'kuima pa tsamba lina. Anavula magalasi.

"Koma abambo, mu Julayi munakhala pampando womwewo. Ndinakufunsani kawiri ngati pali chikukuvutani. Simunanene bwanji?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndine, kuti ndinawatseka pakamwa chifukwa cha thumba la feteleza. Koma bambo anandigwira bondo pansi pa tebulo, n'kufinya ndi timphamvu tawo totsalato.

"Ndinaiwala, a dotolo," anatero. "Ukalambatu uwu."

Dotolo anapukusa mutu n'kuwadzudzula pang'ono, monga amachitira ndi nkhalamba zosamva. Bambo anavomera kulakwa konse, akugwedeza mutu mwaulemu, osandiyang'ana n'komwe. Dzanja lawo silinachoke pabondo langa mpaka dotolo anamaliza kulemba kalata ya ku Nampula.