Liwu Limene Analikhwatcha

Kachete sanauzepo munthu chifukwa chimene ankalembera chimangirizo chilichonse mobwerezabwereza. Aphunzitsi ankati ndi khama. Mwiniwake ankadziwa kuti ndi mantha.

Kusukulu yake yakale ankamutcha Mthuthuthu, chifukwa akafika pa liwu loyamba ndi chilembo cha b, milomo inkakakamira n'kumaphulika ngati njinga yamoto yokana kunyamuka. Atasamukira kusukulu yatsopano anapeza nzeru. Popeza aliyense ankawerenga mokweza zimene walemba, iye ankayamba wayeserera kuseri kwa nyumba, ndipo liwu lililonse lomupunthwitsa ankalikhwatcha. Bwenzi linkasanduka mnzanga, bodza linkasanduka chinyengo. M'kalasi monse panalibe wodziwa za chibwibwi chakecho.

Tsiku la makolo, atangolowa m'kalasi, Kachete anaima chilili pakhomo. Aphunzitsi anali atamata pakhoma mapepala ake onse a mutu wakuti "Munthu Amene Ndimamunyadira", kuyambira loyamba lokhwatchakhwatcha mpaka lomaliza.

"Makolo, bwerani muone kalembedwe kake!" anatero aphunzitsi. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Uyu salemba kamodzi n'kupinda manja ngati alesi enawa."

Munthu amene ankamunyadirayo anali ataima pomwepo: bambo ake omupeza, osoka nsapato, amene anamulera kuyambira akukwawa. Anavala magalasi awo omanga ndi ulusi n'kuyamba kulondola mizere ndi chala chakuda ndi polishi. Papepala loyamba, paliponse pamene panali "bambo anga" panadutsa mzere wokhuthala. Pa lomaliza panalembedwa bwinobwino kuti "amuna a mayi anga".

Chala chija chinaima.

"Achimwene, akuchotsanitu paudindo!" linaseka kholo lina. "Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma mwanayo ndiye sanaumve mwambiwo."

"Walemba zoona," anayankha bambo aja motsitsa mawu, akuvula magalasi. "Ndi mmene zilili. Ali ndi dzanja labwino, eti?"

Anamwetulira osamuyang'ana Kachete, n'kuyamba kulowera kukhomo, chipewa chili m'manja.

"Kachete, tiwerengere lomalizalo," anatero aphunzitsi.

Lomalizalo akanaliwerenga mosadodoma, anthu n'kuwomba m'manja. Anayang'ana anyamata a kumbuyo, amene sankachedwa kupatsa munthu dzina. Kenako anayang'ana msana wowerama uja ukuyandikira chitseko.

Anamatula pepala loyamba.

"Si limenelo, mwanawe. Limenelo ndi lolakwika."

"Ndi lomweli, aphunzitsi."

Kachete anakweza pepalalo. Anakoka mpweya.

"B-b-b…"

Kumbuyo wina anaphulika ndi phwete. Wina anayamba kuliza njinga yamoto ndi milomo, aphunzitsi n'kumenya tebulo. Koma Kachete sanafunefune liwu lina.

"B-b-bambo anga amasoka nsapato."

Pakhomo paja, munthu uja anatembenuka.

"Ndinakhwatcha liwuli chifukwa limandikanika kutchula pagulu," anatero Kachete, maso ali pansi. "Si chifukwa china ayi, b-bambo."

Iwo anabwerera pang'onopang'ono, nadzipanikiza pa desiki yaing'ono ya kutsogolo, mawondo atatsala panja. Anavalanso magalasi aja.

"Pitiriza, mwanangu," anatero. "Nsapato za eni zidikira."

Liwulo linalipo pafupifupi pamzere uliwonse. Kachete sanalumphe ngakhale limodzi.