Makope a Padenga

"Makope onse, mayi, musasiye ngakhale limodzi," anatero Apulofesa ataima pakhomo la chipinda chowerengera. "Tikawaika m'kabati yagalasi ku yunivesite, anthu aziona mmene malemu ankagwirira ntchito."

Panali patangopita masiku anayi chiikireni maliro. Malemuwo anali katswiri woyeza mpweya. Anafufuza utsi wa m'tauni kwa zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo zolemba zawo n'zimene zinachititsa kuti mafakitale akakamizidwe kusefa utsi. Kumanda, Apulofesa, amene ankagwira nawo ntchito limodzi, analankhula mpaka anthu miyendo kuwawa: mapepala akafukufuku makumi asanu, ophunzira osawerengeka, akatswiri akunja owatchula m'mabuku.

Mayi wamasiyeyo ankatsitsa makopewo pashelefu, n'kumawapukuta fumbi. Mwana wawo wachisamba, yemwe ndi namwino, anatsegula limodzi. Munali masiku, manambala ndi kumene mphepo inkachokera.

"Koma izi sanalembe ababa," anatero. "Zolemba za ababa ngakhale ife akuchipatala zinkatikanika kuwerenga. Munalemba ndinu, amayi."

Anatsegula lachiwiri, lachitatu, lachikhumi. Onse chimodzimodzi.

"Bambo ako ankaopa makwerero," anatero mayiwo osatukula mutu. "Makina okoka mpweya aja ali padengawa amafuna kuwasintha kapepala kosefera sikisi koloko m'mawa uliwonse. Ukachotsa, ukayeze pasikelo, ulembe mwaye umene kagwira. Ukajomba, mndandanda waduka. Iwo anakwera kamodzi, anatsika thukuta lili kamukamu. Ndiye ndani akanakwera?"

"Ine ndinkayesa mumangowathandiza apo ndi apo."

"Fufuza m'kope loyambalo. Tsiku lopanda nambala ndi limodzi lokha, limene ndinabereka iwe."

Apulofesa anatsokomola, chonsecho chifuwa analibe.

"Eee, tonse tikudziwa kuti mayi ankathandiza. Malemu ankathokoza kumapeto kwa pepala lililonse. Ankati, ndikuthokoza banja langa chifukwa cha kuleza mtima."

"Kuleza mtima!" anakuwa namwinoyo. "Munthu kukwera denga ali ndi pakati, inu n'kumati kuleza mtima? Manyazi mulibe?"

"Usawakalipire, mwanawe," anatero mayiwo. "Zakalezo ndinazimeza. Koma pepala lomaliza, lophatikiza zaka zonse, bambo ako anandilumbirira ali pabedi m'chipatala kuti dzina langa likhala patsogolo. Lituluka liti, Apulofesa?"

Apulofesa anatsegula chikwama ngati mwalowa njoka. Anatulutsa magazini yasayansi n'kuiika patebulo. Pamwamba pa nkhaniyo panali mayina awiri: la malemu ndi lawo.

Mayiwo anawerenga kawiri.

"Ndinu munalichotsa."

"Ine ayi, mayi. Ndithu, kulumbira."

"Bodza! Munthu ali gone, akulephera kupuma, inu n'kumubera kumbali!"

"Sindinkafuna kuti muone ichi," anatero Apulofesa, "koma simundisenzetsa mlandu wa mwini wake."

Anapereka tsamba lotayipa, loyamba la nkhani ija isanasindikizidwe. Dzina la mayiwo linalipo ndithu, patsogolo penipeni. Koma linali lodulidwa ndi mzere wofiira wowongoka bwino, ndipo m'mphepete munali timawu tokhotakhota, tija akuchipatala tinkawakanika. Mayiwo sanavutike nato. Anawerenga mokweza:

"Chotsani. Alibe digiri. Anthu adzati zaka zonsezi ine ndinkatani?"

Namwinoyo anapsa mtima, koma choipa n'chakuti womukalipira anali atamuika kale m'manda.

Pansi pa timawuto panali tsiku, poti malemu sankalemba kanthu osaika tsiku.

"Lachitatu," anatero mayiwo. "Kulumbira kuja kunali Lachiwiri. Lachitatulo ndinawameta ndevu, iwo n'kundigwira dzanja, amvekere zikomo mnzanga wapantchito. Ine kusekerera ngati chitsiru."

"Pepani, mayi. Nanga makopewa..."

"Sachoka m'nyumba muno. Mukawafuna, mubwere ndi magazini ina yolembedwa bwino."

Apulofesa anatola chikwama n'kutuluka, osatsanzika n'komwe. Namwinoyo anayamba kubweza makope pashelefu, misozi ili chuchuchu.

Mayiwo anakhala pampando wa malemu, tsamba lija lili pamiyendo. Sanalire. Ankangoyendetsa chala pamzere wofiira uja.

"Taona," anatero chapansipansi. "Manja ankanjenjemera, kapu ankalephera kugwira. Koma apa anachita kupempha rula."