Miyezi Itatu ya Bondo la Che Sumaila

Chaka chimene boma linasamutsa likulu lake kuchoka ku Zomba, fumbi la Lilongwe silinkakhala pansi. Malole ankadutsa atasenza makabati a m'maofesi ndi mabedi a mabwana, kulunjika kutsidya kwa mtsinje kumene tchire la dzana linali litapatsidwa manambala n'kumatchedwa ma Area. Nyumba zatsopanozo zinkafuna makatani, akazi a mabwana ankafuna madiresi, ndipo zambiri mwa zimenezi zinkathera pakhonde la sitolo ina ya ku Old Town, pamene Che Sumaila ankaponda makina awo osokera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Ankaponda ndi mwendo umodzi. Wakumanzere unapuwala ali mwana, moti bondo lakumanja ndi limene linkawayendetsa, kuwagwaditsa kumzikiti ndi kudyetsa banja. Mkazi wawo Tausi, amene ankagulitsa mandasi kwa amisiri omanga nyumba, ankalidziwa bondolo ngati mwana wake. Analiona likuyamba kutupa, analithowa ndi madzi otentha, ndipo anamva mmene linkalirira eni ake akamadzuka pamkeka.

Amene anawapeza njira anali Sisitala Lizzie, namwino wochokera kumpoto amene anabwera ndi mwamuna wake pa msamuko womwewo n'kupatsidwa nyumba ku Area 15. Atabwera kudzayesa diresi n'kuona telala akuluma mlomo pofuna kuimirira, anawauza kuti kuchipatala kuli dokotala amene amabaya jekeseni m'kati mwenimweni mwa bondo. Che Sumaila anapita m'nyengo yozizira, Tausi ali pambuyo. Dokotalayo anapukuta bondo mobwerezabwereza ndi mankhwala achikasu ngati akufuna kulisenda, n'kulowetsa singano. Kenako anayankhula, Sisitala Lizzie akumasulira: mankhwalawa amagonetsa ululu ndi kuphwetsa chotupa, koma sabweza zimene zinaperepeseka. Akachuluka amadya bondo lomwelo m'kati. Choncho asabayidwe jekeseni wina isanathe miyezi itatu, ndipo mwendo upume.

Kupuma kumeneko kunatha msanga. Ululu utangogona, Che Sumaila anasanduka mnyamata. Anaponda makina mpaka lamba kutentha, anayenda wapansi kukapereka makatani kutsidya, kumene mlonda ankawaimika pachipata ngati abwera kudzaba, ndipo kumzikiti anagwada n'kugunditsa mphumi pansi pamodzi ndi anzawo. Tausi akawakumbutsa mawu a dokotala ankangoseka, amvekere amayi a Sakina akuchita nsanje ndi singano ya mzungu. Sanachedwe kuleka kuseka. Ululu unadzuka, ndipo unadzuka ndi njala.

Madzulo amene mwezi wa Ramadhani unaoneka, anthu akuuzana m'misewu kuti mawa n'kusala, Che Sumaila analowa m'nyumba nkhope ili ngwee. Anati miyezi itatu yakwana. Woyamba unaoneka atangobayidwa kumene, wachiwiri anauona ndi maso awo ali kuseri kwa msika, wachitatu ndi umenewu. Anali atafunsa kale kwa shehe, ndipo anawauza kuti jekeseni wa pabondo si chakudya, saononga kusala. Tausi anawerenga pazala n'kupeza kuti miyezi yooneka ndi itatudi. Koma mtima wake unakana.

Kuchipatala anawabweza. Sisitala Lizzie anawatengera pambali n'kuwauza mofatsa kuti, adada, dokotala sawerenga kumwamba. Miyezi yake ndi yathunthu, yoyambira tsiku lobayidwa, ndipo wachitatuwo unali utangoyamba kumene. Udzatha cha pa Idi, chikondwerero chotsekera kusala. Anagwira bondolo, napeza latentha, nawonjezera kuti ngakhale tsikulo litafika, dokotala akadzapeza kuti mwendo sunapume akhoza kukana ndithu.

Njira yonse yobwerera Che Sumaila ankatokota. Ankati akanakhala bwana wa ku Capital Hill wovala tayi akanamubaya ndi kumupepesa komwe. Ankati mzinda uno ukumangidwa ndi mawondo a anthu osauka, koma likafa bondo la wosauka amaliuza kuti lidikire. Tausi sanatsutse, chifukwa zambiri mwa izo zinali zoona. Iyenso anali ataona amisiri akugwa pamakwerero n'kulowedwa m'malo tsiku lomwelo. Koma anaonanso dzanja la namwino uja mmene linakhalira pabondo, ndipo silinali dzanja la munthu wonyoza.

Masiku otsatira anali olemera. Nsalu za Idi zinaunjikana pakhonde, makanzu, madiresi a ana, mipango. Che Sumaila ankaponda pang'ono n'kuima, thukuta lili kamukamu, kukhosi kouma ndi kusala. Kunyumba anasiya nthabwala.

Tsiku lina masana Tausi anafika pakhonde ndi beseni lake lopanda kanthu n'kupeza makina atavundikiridwa. Wosoka nsapato wa pafupi anayang'ana kumbali asanayankhe, kenako analoza ndi mlomo kumunsi kwa msika. Tausi anadziwa. Kumeneko kunali Jobu, amene kale ankakolopa m'chipatala china, ndipo tsopano ankabaya anthu jekeseni m'kachisakasa ka malata. Mutu, chifuwa, matenda obisa a amuna, kwa Jobu zonse zinali ndi botolo limodzi.

Anapeza amuna ake atakhala pabenchi, buluku atalipinda mpaka pantchafu. Mnyamata wina wa zilonda m'khosi anali akutuluka, akudzisisita kuthako. Jobu anaviika singano yomweyo m'chitini cha madzi otuwa, naigwedeza kawiri, nayamba kukoka mankhwala m'botolo lopanda dzina. Ataona Tausi anamwetulira n'kunena kuti amayi asade nkhawa, iye wabaya anthu ambiri kuposa madokotala onse a m'tauni muno, ndipo kwa iye kulibe zoti bwerani mwezi wakuti.

Tausi anayang'ana chitinicho. Anakumbukira zimene Sisitala Lizzie anamunong'oneza tsiku loyamba lija, kuti kachitsotso kakang'ono kakalowa ndi singano m'bondo, mafinya amadzaza m'kati, ndipo mwendo umauma ngati mtengo kapena kudulidwa kumene. Anafuna kutenga chitinicho n'kumukhuthulira Jobu kumaso. Anafuna kukuwa kuti msika wonse ubwere. Koma anawadziwa amuna ake: akawachititsa manyazi ndi mawu, mawa adzabwera okha m'mamawa iye ali pa mafuta a mandasi.

Anaika beseni pansi, nakhala pabenchi pambali pawo. Kenako anagwira chitenje chake, mayi wa zaka zake, wofunda mpango kumutu, m'mwezi wosala, n'kuchikweza mpaka bondo lake lakumanja linaonekera poyera pamaso pa mwamuna wachilendo.

"A Jobu, yambani ndi ine," anatero.

Jobu anaseka kuseka kosowa kolowera, nafunsa ngati amayinso likuwapweteka.

"Silikupweteka. Koma ngati singano imeneyi ndi yabwino, sindiona vuto. Ngati ndi yoipa, tidzakhale awiri pamkeka, Sakina azititembenuza."

"Amayi a Sakina, mwapenga?" Che Sumaila anayankhula motsitsa, maso ali kuchitseko kumene anthu ankadutsa. "Vundikirani."

"Inu simunavundikire."

"Ine ndine wodwala."

"Inu ndinu telala, bambo. Ndinakuonani mukutaya singano chifukwa inali ndi kadzimbiri kosaoneka n'komwe, mumvekere ingaononge nsalu ya mwini. Nsalu ya mkazi wa bwana. Nanga mwendo uwu ndi wa yani? Ulipo wina mwausunga m'kabati?"

Jobu anaima ndi jekeseni wake m'mwamba, dontho likulendewera kunsonga. Che Sumaila anayang'ana dontholo, anayang'ana chitini, kenako anatambasula dzanja, nagwira chitenje cha mkazi wawo n'kuchitsitsa pang'onopang'ono mpaka kuakakolo, nachisalaza ngati mmene amasalazira nsalu asanaidule. Atatero anatsitsa buluku lawo. Podzuka anatsamira phewa la Tausi, chinthu chimene sankachita pagulu.

Anakwera chitunda cha kumsika. Atafika pamthunzi wa sitolo ya njinga anaima kuti apume, ndipo m'pamene Che Sumaila ananena zimene zinali kumtima. Nsalu zinkawadetsa nkhawa, inde, koma chachikulu chinali kumzikiti. Anali atayamba kuswali atakhala pampando kumbuyo, pamzere wa nkhalamba zotha mano, anzawo onse akugwa pansi pamodzi ngati munthu mmodzi. Mwezi wonse wa Ramadhani, iwo mphumi osakhudza pansi. Anati amamva ngati mlendo woima pakhomo.

Tausi sankadziwa za mabuku, ndipo sanayerekeze kuyankha ngati shehe. Anangoti amene anawapatsa mwendo umodzi akudziwa kuti anawapatsa umodzi. Za nsaluzo anati aziona mawa.

M'mawa mwake mandasi anawasiyira mwana wawo Sakina. Anafika pakhonde ndi kampando, nakaika kuseri kwa makina, moyang'anana ndi amuna ake. Anakoka bokosi lopanda kanthu, nanyamula mwendo wodwalawo n'kuugoneka pamenepo. Kenako anavula nsapato, nalowetsa mapazi ake pansi pa makina kuchokera mbali yakeyo, nawaika pachopondera.

Che Sumaila anati zimenezo sizinachitikepo chiyambire. Tausi anati likulu nalonso silinasamukepo chiyambire.

Poyamba zinali zomvetsa chisoni. Pokhala anali kuseri, kuponda kwake kunali kotembenuka, gudumu linkabwerera m'mbuyo, ulusi n'kuduka. Unaduka kambirimbiri. Che Sumaila ankalowetsa wina akung'ung'udza kuti mapazi ozolowera kuthamangitsa amisiri angongole sangamve chinenero cha makina. Wosoka nsapato anaitana anzake kuti adzaone telala wa miyendo inayi, wina nafunsa ngati mtengo wosoketsa ukwere poti antchito achuluka. Tausi anawayankha kuti amene mkazi wake angamubwereke mwendo aimike dzanja. Anaseka, koma manja sanaoneke.

Dzuwa likufika pamutu anali atagwirizana njira. Che Sumaila ankayambitsa gudumu ndi dzanja, Tausi n'kulilandira ndi mapazi. Akafuna kukhota ankati “basi,” akafuna liwiro ankangogwedeza mutu. Patapita masiku ngakhale mawuwo anatha ntchito, chifukwa Tausi ankayang'ana zala zawo n'kudziwa yekha pamene msoko ukuthera. Zaka zonse za ukwati wawo anali asanakhalepo nkhope ndi nkhope tsiku lathunthu. Anaona kuti amuna ake akamasoka mokhota amatulutsa kansonga ka lilime ngati mwana wa sukulu, ndipo sanawauze, kuopa kuti angasiye.

Ululu sunathe. Masana ena unkawagwira mpaka kuyera milomo, ndipo Tausi ankaimitsa mapazi, n'kunyowetsa kansalu kuti aike pabondo. Kumzikiti anapitirizabe kukhala pampando. Nsalu zina anazibweza kwa eni ake, ndipo mayi wina wa kutsidya anachoka akunyoza kuti anthu a ku Old Town sadziwa kusunga nthawi. Tausi anatsegula pakamwa kuti amuyankhe, koma Che Sumaila anamugunda chala chakuphazi pansi pa makina.

Idi itayandikira, Sisitala Lizzie anabwera ndi nsalu ya diresi lina. Anaima kaye n'kuwaonerera awiriwo, kenako anawerama, napinda buluku la telala, nadina bondo uku ndi uku. Anati kutentha kwachepa, chotupanso chatsika. Anati sabata ya mawa apite, dokotala akalione. Mwina akabaya, mwina akanena kuti lingathe kudikirabe, ndipo likatha kudikira ndiye bwino koposa, chifukwa majekeseni amenewa munthu sapatsidwa ambiri pa moyo wake.

Che Sumaila anafunsa ngati akadzabayidwa adzaloledwe kuponda okha.

Namwinoyo anayang'ana Tausi. Tausi anayang'ana nsalu imene inali pansi pa singano, kanzu yoyera ya mwana wa munthu, yotsala mkono umodzi.

"Yambitsani gudumu, bambo," anatero. "Mwini wake akubwera madzulo."