Poto wa Pansi pa Bedi

A Kizito anafika ku Mgona mu 2003 kuchokera ku Burundi, ali ndi mwana wawo Sofiya, kathumba ka zida zosemera ndi poto mmodzi. Ine Mabel ndinawapatsa chipinda chakuseri kwa nyumba yanga.

Poto ameneyo sanaphikiremo n'kamodzi komwe. Anali wa malemu akazi awo, ndipo cha kwawo chimene chinawatsalira ndi chomwecho, chifukwa ngakhale chithunzi analibe. Lamlungu lililonse m'mawa ankamukwecha ndi phulusa pampopi, n'kumubwezera pansi pa bedi.

Chichewa chawo chinali chokhotakhota, koma manja ayi. Ankasema ziboliboli za m'tchalitchi, nkhope za pa ziliza, komanso ankapanga mendulo. Ankayamba asema chithunzicho pa kathabwa ka mbawa, n'kukadinda mumchenga wonyowa, kenako n'kuthira m'zikombolemo chitsulo cha mapoto akale chosungunula pa makala.

Mu 2007 ife amayi oyendetsa ligi ya netibolo ya Mgona, Biwi ndi Kawale tinawapempha mendulo za timu yopambana. Anasema manja awiri a mtsikana akuwakha mpira. Sindinafunse kuti ndi a yani. Sofiya ndiye ankagoletsera timu yathu ya Mgona, ndipo zala zazitalizo ndinkazidziwa.

Chitsulo tinasonkha tokha. Koma amayi anzanga nawonso! Aliyense anabweretsa poto woti ngakhale galu sangadyeremo, mwaye ndi zigamba zokhazokha. Tsiku lothira, fainolo ili mawa lake, a Kizito atayengula zinyalala, chitsulo chinachepa. Zikombole zina zinali zikadali zopanda kanthu, makala nawo akutha. Ndinathamangira kukhitchini kwanga, koma mapoto anga anali aja apenti, osasungunuka pa moto wotere.

Pobwerera ndinawapeza atanyamula poto uja.

"Bambo a Sofiya, ayi! Ameneyo ayi. Ndipite ndikapemphe kwa aneba."

"Moto sudikira, mayi landilodi," anatero. "Komanso mawa Sofiya avala mendulo. Amayi ake akhala pamtima pake."

Anaphwanya potoyo ndi hamala mosafulumira, n'kuponya zidutswazo pamoto. Ine ndinayang'ana kumbali.

Mawa lake Biwi inatikwapula, ndipo sindinganame kuti oyimbira anatibera. Atsikana aja ankathamanga ngati sanadye dzulo, athu n'kumangowaonerera. Mendulo zonse zinapita m'makosi mwa ana a eni. Zinandiwawa kwambiri, moti pogawa mphoto manja ndinaomba kamodzi kokha.

Sofiya anakhala pansi pa goli n'kumalira. Bambo ake anakagwada pambali pake, maso ali pa minibasi ya atsikana a ku Biwi imene inkanyamuka ndi nyimbo.

"Usalire," anamuuza. "Amayi ako sankakonda kubindikira m'nyumba. Ndawasunga pansi pa bedi nthawi yaitali. Aleke akaoneko ku Biwi."

Mtsikanayo anaseka misozi ili m'masaya, ine mtima unakhalako pansi. Ndinati basi, bamboyu wazilandira.

Lamlungu m'mawa ndikusesa pakhomo, ndinawaona akutuluka ndi phulusa m'manja monga mwa masiku onse. Anafika mpaka pampopi. Anaima, n'kuyang'ana phulusalo kwa kanthawi, kenako anatsegula madzi n'kusamba m'manja.