Dikirani Pangono

1.
Kutunga madzi kumpopi. Kukazinga zitumbuwa. Kukatchajitsa foni kwa aneba. Kudyetsa Tiyanjane phala. Chomalizachi ndiye chimamuvuta Ndaziona, poti mwanayo satsegula pakamwa mpaka adadi ake atalankhula.

2.
Adadi akewo, Ganizani, anali ndi chibwibwi. Ankakonza makompyuta m'kashopu ku Limbe, ndipo kompyuta ikanyanyala n'kutulutsa kauthenga kake kodandaula iye ankaijambula, n'kulemba m'Chichewa zimene akuti ikunena, mawu a makina a m'foni n'kumawerenga ngati mzungu wongofika kumene, mayo ndakomoka ndithireni madzi, pulinta ikuti pepala palibe chonsecho yalimeza yokha, anthu n'kumatumizirana, n'kumaseka mpaka kugwira nthiti, munthu amene pamaso pa anthu sankatha kumaliza moni.

3.
Mzungu wa m'foniyo ankalephera kutchula ng'. Ng'ombe ankati ngombe. Kavidiyo kalikonse kankathera pamodzimodzi.

Dikirani pangono.

4.
Kabaza. Lole ya simenti. Msewu wa Midima.

Maliro a Ganizani.

5.
Sukulu Ndaziona anaisiyira mu Fomu 1, koma kulemba pafoni amatha. Amalemba, makina n'kuwerenga. Tiya, idya phala, kompyuta yakwiya.

Mwana amaseka, n'kuyasamula.

Amama, adadi atuluka liti m'foni?

Mayi asanayankhe amadziyankha yekha. Dikirani pangono.

6.
Tsiku lina foni inakana. Malo atha, fufutani zina. Phala likuzizira, mwana akulira, mafuta akupserera pambaula. Anafufuza mwachangu n'kupeza mulu wa mavidiyo umene mwamuna wake anaulemba kuti ZOLAKWIKA. Sanatsegule. Chowonongeka kwake ndi kudzala, iye amatero ngakhale ndi zitumbuwa.

Mwatsimikiza? inafunsa foni.

Anatsimikiza. Mulu wonse unafufutika.

Mwana anadya.

7.
Loweruka kunabwera mng'ono wake wa Ganizani, amene anatsala ndi shopu ija. Anadandaula za magetsi, za makasitomala, za kompyuta ya malemu imene anaigulitsa atafufutamo zonse. Kenako anapempha foni.

Alamu, tandiikirani zolakwika zija, ndawasowa achimwene.

Zili ndi chiyani?

Simunazimvere? Ndi muja ankaiwala kutseka mawu awo. Amamveka akukangana ndi makina. Iwe mzungu, ndi pa-pa-pang'ono, osati pangono. Kenako kuseka kwawo kuja.

Ndaziona anatembenuza chitumbuwa chimene anali atachitembenuza kale.

8.
Anapita nayo kwa okonza mafoni. Anaitsegula, anaigwedeza, anati mayi, mwalembapo kale zina pamwamba, zapita. Pagalasi la kompyuta yawo kanthu kankazungulira, kuzungulira.

Anadikira ndithu. Osati pang'ono.

9.
Mtengo wake wa zonsezi nawu. Phala mbale imodzi, linadyedwa lonse. Zitumbuwa za tsiku limenelo, zinapserera. Chibwibwi cha Ganizani, chimene sichinajambulidwe kwina kulikonse. Kuseka kwake.

Chotsala ndi mwana amene amati ngombe, ngoma, pangono, ndipo aneba akamuwongola iye amakana, amati adadi anga amatero.

Ndaziona samuwongola. Mawa kuli phala.